Wophunzira ndi ntchito, kunja ndi kuno kwathu: dziwani izi musanasaine

Kabuku aka ndi ka inu achinyamata a ku Ntchisi ndi Dowa amene muli pasukulu kunja kwa dziko, amene mukukonzekera ulendo, ndi amene mwabwerako ndi satifiketi koma ntchito sinaoneke. Ndi kanunso makolo a kwa Malenga, kwa Nthondo, kwa Kalumo ndi kwa Chilooko, amene munagulitsa soya, mtedza, mwina ndi ng'ombe yomwe, kuti mwana akwere ndege kapena basi ya ku Joni. Ndalama zonsezo zimatha kulowa m'madzi chifukwa cha pepala limodzi limene mwanayo sanaliwerenge.

Viza ya sukulu ili ndi malire

Dziko likakulandirani ngati wophunzira, lakupatsani chilolezo cha sukulu. Ntchito limalola pang'ono chabe, kapena kukaniza kumene. Ku South Africa, wophunzira wa pakoleji kapena payunivesite amaloledwa kugwira ganyu maola osaposa 20 pa sabata. Ku United Kingdom wa digiri amaloledwanso maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Mayiko ena malamulo awo ndi okhwima kuposa apa, choncho werengani zimene zalembedwa pa viza yanu, ndipo mukafika pitani ku ofesi yoona za ophunzira akunja pasukulu yanuyo mukafunse. Safunsa anadya phula. Abwana a pa lesitilanti akakunyengererani kuti muwonjezere maola chifukwa makasitomala achuluka, dziwani kuti a zolowa ndi kutuluka akakupezani, wotaya sukulu ndi inu.

Masiku 30 amene Mmalawi amapatsidwa polowa ku South Africa ndi a mlendo wodzacheza. Salola ntchito, ndiponso salola kuyamba sukulu. Mukapitirira masiku anu ndi masiku osaposa 30, potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi. Mukapitirira kuposa apo, ndi zaka 5. Wophunzira amene walola viza yake kutha ali m'chaka chachitatu akhoza kulephera kubwerera kukamaliza chaka chachinayi.

Pa za ntchito ya kunja pali phunziro lina. Mu November 2023, achinyamata 221 ananyamuka kupita ku Israel kukagwira ntchito m'minda. Mu May 2024, Amalawi 12 anabwezedwa kumudzi atapezeka atasiya mindayo n'kukagwira ntchito pamalo ophikira buledi. Sanabe kanthu, koma chilolezo chawo chinali cha kumunda basi. Kumene malipiro akucheperani kapena abwana akukuzunzani, njira yake ndi kudandaula kwa amene anakutumizani ndi ku ofesi ya kazembe wa Malawi, ndipo dandaulolo likhale lolemba kuti mukhale ndi umboni. Mukangothawa, mwawapatsa chifukwa chokuthamangitsirani, ndipo za ndalama zanu zotsala palibenso amene adzazimve.

Ma ejenti

Apa ndi pamene mabanja ambiri akulirira. Uthenga umafika pa WhatsApp kapena pa Facebook: sukulu yaulere ku Ulaya, ntchito ya muhotela ku Dubai, malo atsala ochepa, tumizani ndalama ya fomu lero pa Mpamba kapena Airtel Money. Bambo amathamangira ku banki m'khonde, mwina kwa wakatapila, poopa kuti mwayi ungamudutse mwana. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito yabwino, koma atafika analandidwa mapasipoti n'kumagwiritsidwa ntchito ya m'nyumba ngati akapolo. Oposa 50 anachita kuthandizidwa kuti abwerere.

Lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limati kutenga munthu mwachinyengo n'cholinga chokamudyera masuku pamutu ndi mlandu waukulu, ngakhale munthuyo atavomera yekha ulendowo chifukwa chonamizidwa. Choncho musanapereke ngakhale tambala, funsani dzina la kampani ndi pamene pali ofesi yake, mupite nalo ku ofesi ya zantchito pa boma, imene ambiri timangoti kuleba, mukafunse ngati Unduna wa Zantchito ukuidziwa. Sukulu imene akuitchulayo ilembereni nokha pa adiresi yake yeniyeni, osati pa nambala imene ejenti wakupatsani. Kontirakiti muione muli kuno, itchule ntchito yake, malipiro, maola, kogona, wolipira chipatala ndi wolipira tikiti yobwerera. Ngati chilankhulo chake simukuchimva, musasaine. Ejenti wokana kukuonetsani kontirakiti musanakwere ndege, musiyeni pomwepo, ngakhale atakhala wa tchalitchi chimodzi ndi inu.

Pasipoti kapangitseni nokha ku ofesi ya Immigration, osadzera mwa madobadoba. Jambulani tsamba la chithunzi, viza ndi kontirakiti, makope ena musiyire makolo. Pasipotiyo musaipereke kwa abwana kuti akusungireni.

Mukabwerako

Satifiketi ya kunja imafunika kuunikidwa kaye ndi bungwe la National Council for Higher Education ku Lilongwe, kuti olemba ntchito adziwe kuti ikufanana ndi iti ya kuno. Ndi nzeru kufunsa bungwe lomweli musanapite, kuti mudziwe ngati sukulu imene mukupitayo ndi yodziwika. Kulipira fizi zaka zinayi kenako n'kumva kuti pepala lanu silivomerezeka ndi chinthu chowawa kwambiri, ndipo chimapeweka. Madokotala ayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi, anamwino ndi azamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi, asanagwire wodwala.

Musachoke kunjako opanda chikalata chosonyeza mmene munakhozera phunziro lililonse, ndi kalata ya kumene munaphunzirako ntchito. Kuziitanitsa muli ku Malomo kapena ku Khuwi, netiweki ikuvuta, ndi ntchito ya miyezi.

Kuphunzira ntchito

Malonda ambiri a ntchito amafuna munthu amene anagwirapo kale, n'chifukwa chake internship ili yofunika. Boma linayamba mu 2018 kutumiza omaliza maphunziro a ukachenjede m'maofesi ake, kuphatikizapo m'makhonsolo, kudzera ku Unduna wa Zantchito. Amalandira kandalama ka pamwezi, koma si lonjezo lakuti adzalembedwa ntchito. A ntchito zamanja amadzera ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Mabungwe a zaulimi ndi zaumoyo amene ali m'maboma athu amatenganso achinyamata.

Kulikonse kumene mwapeza malo, pemphani kalata. Inene tsiku loyamba ndi lomaliza, ndalama imene muzilandira ngati ilipo, amene azikuyang'anirani ndi zimene muziphunzira. Kalata imeneyi ndi imene imasiyanitsa wophunzira ntchito ndi munthu wogwiritsidwa ntchito yaulere. Ngati miyezi yomwe munagwirizana yatha koma mukufikabe m'mawa uliwonse, mukutsegula ofesi, mukusunga mabuku ngati wantchito wina aliyense, dzina lakuti intern lisakutsekeni pakamwa. Pitani kuleba mukafotokoze.

Ntchito sigulidwa. Wa m'boma wopempha ya fanta kuti dzina lanu lilowe pamndandanda akupalamula mlandu wa ziphuphu, ndipo kokanena ndi ku Anti-Corruption Bureau. Kwa inu asungwana, lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana pantchito. Bwana wonena kuti mukaonane kaye ku loji kuti akuthandizeni akuphwanya lamulo. Musafute mauthenga ake pafoni, mupite nawo kupolisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Tisaiwale anzathu a ku Dzaleka, kuno ku Dowa, kumene othawa kwawo akhala kuyambira 1994. Alipo amene amaliza madipuloma ndi madigiri ali mumsasamo, koma malamulo athu sawalola kugwira ntchito momasuka kunja kwa msasa. Luso limenelo likungotayika pomwe zipatala ndi sukulu zathu zikusowa anthu, ndipo ndi nkhani yofunika kuti aphungu athu aikambirane.

Mukalembedwa ntchito

Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera, ndipo tsatanetsatane wake ali mu Employment Act ya 2000. Nthawi yoyesedwa kwa wantchito waluso siyenera kupitirira miyezi 12. Maola a ntchito ndi 48 pa sabata, oposa apo ndi ovataimu yolipidwa. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ogwira masiku 6 pa sabata, ndi masiku 15 kwa ogwira masiku 5. Mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata 8 cholipidwa kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Boma limalengeza malipiro otsikitsitsa nthawi ndi nthawi, ndipo a kuleba adzakuuzani mtengo umene ulipo pano.

Abwana sangakuchotseni popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akuti mwalakwa kapena ntchito ikukukanikani, ayenera kukupatsani mpata wodziteteza. Ntchito ikatha, muli ndi ufulu wopempha chikalata chosonyeza nthawi imene mwagwira ndi ntchito imene mumagwira. Chimenecho ndiye umboni umene olemba ntchito ena adzafuna.

Mukachotsedwa mopanda chilungamo, kadandauleni kuleba pasanathe miyezi 3 kuchokera tsiku limene anakuchotsani. Nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti la zantchito la Industrial Relations Court, ndipo amene alibe ndalama ya loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Popita tengani kalata yolembedwera ntchito, mapepala a malipiro, kalata yochotsedwera ndi chiphaso chanu cha unzika. Musadikire kuti abwana asinthe maganizo, miyezi itatuyo sichedwa kutha.