Phunziro la kadyedwe: tsiku lililonse likhale ndi dzina la ndiwo zake

Funso limene ndimalimva kawirikawiri ndikabwera kuno ku Tongogara ndi lakuti, "Amayi, nyama sitingaikwanitse, nanga ana tiziwapatsa chiyani madzulo?" Ena amawonjezera kuti thandizo la pamwezi limatha sabata yachitatu isanathe, ndipo masiku otsalawo ndi nsima ndi masamba amtundu umodzi basi. M'phunziro lino ndikuonetsani njira imene ndinaphunzira kwa mayi anga. Siifuna ndalama zowonjezera, koma kukhala pansi ndi kuganiza tsiku limene mwalandira thandizo.

Ndinabadwira pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Chipinge, ndipo tsopano ndimakhala ku Gaza, m'tauni momwemo. Bambo anachokera ku Thyolo kudzathyola tiyi. M'nyumba yathu ya mu komboni tinalimo anthu asanu ndi atatu, malipiro nkumabwera kamodzi pamwezi. Mayi sankadziwa kulemba, koma tsiku lililonse la sabata analipatsa dzina: la nyemba, la nsinjiro, lopumira nsima, ndi ena otero. Ife ana tinkangoona ngati masewera. Ndazindikira nditakula kuti mainawo ankawathandiza kudziwiratu zogula, kudziwa usiku woviika nyemba, komanso kutseka pakamwa pa mwana wolirira nyama pa Lachiwiri.

Ndiyambe ndi chifukwa chake nkhaniyi si yongokometsa pakamwa. Mu 1990, m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, kumwera kwa Malawi, anthu oposa 18,000 anadwala matenda a pelagra m'miyezi isanu ndi inayi yokha. Ufa unalipo. Chimene chinasiya kufika pa chakudya chogawidwa chinali mtedza, ndipo anthu anatsala akudalira kwambiri chimanga. Chimanga sichipereka vitamini B3 wokwanira, pomwe mtedza uli naye wambiri. Zizindikiro za pelagra ndi khungu lakuda ndi lokakala m'malo owombedwa ndi dzuwa, monga m'khosi ndi kuseri kwa manja, kutsegula m'mimba kosatha, kenako kusokonezeka maganizo. Mukaona zotere pa munthu wa m'nyumba mwanu, pitani naye kuchipatala msanga. Koma ndi matenda opeweka, ndipo amapewedwa ndi zimene timadyera nsima.

Lamulo langa ndi limodzi: madzulo alionse m'mbale mukhale chokhutitsa, chamtundu wa nyemba kapena mtedza, masamba, ndi timafuta pang'ono. Maina a masiku ndi njira yongosinthira zinthu zinayizi kuti banja lisatope nazo.

Lolemba ndi la nyemba, choncho ntchito yake imayamba Lamulungu usiku. Sankhani makapu awiri a nyemba, okwanira banja la anthu asanu ndi mmodzi, muziviike m'madzi mpaka m'mawa. Tayani madziwo, thirani ena, ndipo muziwiritse kwambiri kwa mphindi zosachepera 15. Kuwira kumeneku musakudumphe, chifukwa nyemba zosapsa zimapweteka m'mimba. Tsopano nayi njira yopulumutsa makala ndi nkhuni, zimene nonse mukudziwa mmene zikuvutira: phulani poto ali chivundikirire, mumukulunge m'bulangete lakale, mumuike m'dengu kapena m'katoni. Pakatha maola anayi nyemba zimakhala zafewa zokha. Madzulo mungoziwiritsanso, nkuthira tomato, anyezi ndi mafuta. Mukapita kumsika kumbukirani kuti Ashona akamati nyemba amanena khobwe. Ine ndili kamtsikana ndinatumidwa nyemba nkubwerako ndi khobwe, mayi nkungoseka, tinadya yemweyo. Khobwe, nandolo ndi nzama, zimene kuno amati nyimo, zonse zimagwira ntchito imodzi m'thupi, choncho gulani chimene chatsika mtengo.

Lachiwiri ndi la nsinjiro. Nkhwani, bonongwe, kholowa, chitambe kapena mpiru, chilichonse chimene chili m'dimba, chitendereni. Pano ndili ndi madandaulo awiri. Loyamba ndi soda. Ndikudziwa kuti amafewetsa masamba msanga, koma amawononga mavitamini, ndipo masamba anthete safuna soda nkomwe. Madzi akhale ochepa, masamba apse akadali obiriwira, ndipo msuzi wake musataye. Dandaulo lachiwiri ndi mtedza wachuku. Mtedza wakuda, wofota kapena wowawa umakhala ndi poizoni amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Usankheni umodziumodzi musanasinje, woipawo mutaye, osaupereka kwa ana kuti azitafuna. Kuli bwino nsinjiro zochepa zoyera kusiyana ndi zambiri zokayikitsa.

Lachitatu timapumira nsima. Abambo ena amati kugona osadya nsima ndi kugona ndi njala, ndipo bambo anga anali mmodzi wa iwo, koma futali wa mbatata sankamusiya m'mbale. Mbatata, maungu, chinangwa chozizira, nthochi zosapsa, kapena koko amene kuno amati madhumbe, wolimidwa kwambiri ku Honde Valley ndi kumapiri a Chipinge: phikani chilichonse mwa izi, nkuthira nsinjiro kumapeto. Mukapeza mbatata yofiira mkati, tengani imeneyo, chifukwa ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi. Kupumira nsima kamodzi pasabata kumakusungirani ufa wa madzulo anayi pamwezi, ndipo masiku anayi amenewo ndi omwe aja amasowa kumapeto.

Tsiku limene mayi anga analibe, limene ndaliwonjezera nditayamba kubwera kuno, ndi Lachinayi, la anansi. Mumsasa muno muli anthu ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi Mozambique, ndipo aliyense ali ndi kaphikidwe kake ka zinthu zomwezi. Mayi wina wa ku Congo anandiphunzitsa sombe, amene ife timati chigwada. Ine ndinkangodziwa chotendera, koma iye amasinja masambawo pamodzi ndi anyezi ndi adyo mpaka asalale, nkuwaphika nthawi yaitali ndi mafuta. Kusinja ndi kuwiritsa kwambiri poto ali wosavundikira nkofunika, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka mwa njira imeneyo. Pitani kwa mnansi wanu, mumufunse chimene waphika, inunso mumuonetse chipere cha nyemba. Mukagwirizana nkuphikira pa moto umodzi, makala a tsiku limenelo agawika pawiri.

Lachisanu ndi la soya pisesi, zimene m'mashopu a kuno amati chunks. Ana amazitcha nyama, ndipo ine sindiwatsutsa. Ziviikeni m'madzi otentha, muzifinye, muzikazinge zisanaone tomato, apo ayi zimamveka ngati siponji. Loweruka, pomwe ana ali pakhomo, ndi la mphika umodzi: chimanga chosagaya, nzama, khobwe ndi mtedza kuwiritsira pamodzi, chimene Ashona amati mutakura. Chimafuna kuviika ndi bulangete lija. Lamulungu, ngati thumba lalola, ndi mpunga wothira chiponde, pambali kabichi ndi tomato. Ngati silinalole, nsima ya mapira ndi therere, palibe wolakwa.

Pa nsima pomwepo, ndikupemphani kuti muzidya mgaiwa. Ufa woyera umakoma m'maso, koma zabwino zambiri zimapita ndi gaga.

Palinso nkhani ya magazi. Nyemba ndi masamba zili ndi ayironi, amene thupi limapangira magazi, koma ayironi wa m'zomera salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama. Chimamuthandiza ndi chinthu chowawasa chodyera limodzi: tomato wosaphika, madzi a mandimu othira m'ndiwo mutaphula, gwafa, kapena malambe, amene m'chigwa cha Save muno sasowa. Chimamutsekereza ndi tiyi. Ndikunena izi mtima ukuwawa, ine mwana wa wothyola tiyi, amene ndinakula ndikumwera tiyi chilichonse. Tiyi amwedwe patapita ola limodzi mutadya, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi atsikana amene anatha msinkhu. Mwana wamng'ono asapatsidwe tiyi m'malo mwa phala.

Ndisakunamizeni kuti zomera zokha zimakwanira aliyense. Vitamini B12 sapezeka m'nyemba kapena m'masamba. Choncho dzira, kapenta kapena mkaka zikapezeka, ngakhale pang'ono, ziyambe kwa mwana wosakwana zaka ziwiri, mayi woyembekezera ndi woyamwitsa, osati kwa mutu wa banja monga tinazolowera. Mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, kenako apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri akudya za m'poto wa banja: nyemba zenizenizo zofinyidwa, osati msuzi wokha, ndi futali woponderezedwa bwino. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zimene wadya. Pa sikelo musaphonye.

Tsopano za kagawidwe. Tsiku lolandira thandizo, musanagule china chilichonse, gulani nyemba, mtedza, mafuta ndi mchere wa ayodini za mwezi wonse. Nyemba ndi mtedza muzigawe m'timatumba tinayi, kamodzi pa sabata, ndipo kathumba ka sabata yamawa kasatsegulidwe ngakhale kubwere mlendo. Mayi anga ankaika ka sabata yomaliza pansi pa sutikesi ya zovala za kutchalitchi, pomwe palibe ankagwirapo. Masamba akachuluka m'dimba, futsani: awiritseni mphindi zochepa, muwayanike pamthunzi podutsa mphepo, muwasunge mouma. Mfutso wa chitambe wotendera ndi umene udzakhale ndiwo za Lachiwiri mu Okutobala, dzuwa la m'chigwa muno litapsereza madimba.

Ntchito yanu sabata ino ndi iyi. Khalani pansi ndi ana, mutche maina masiku asanu ndi awiri malinga ndi zimene inu mumapeza, osati zanga. Mwana wa sukulu alembe papepala, mulipachike kuseri kwa chitseko, ndipo yemweyo akhale wokumbutsa usiku woviika nyemba. Amene simunayesepo kuphikira m'bulangete, yambani ndi kapu imodzi ya khobwe, ndipo tikadzakumana mudzandiuze ngati anafewa.