Mafunso Obwereka Adabisa Kulira kwa Anamwino

Namwino wina wa pachipatala china cha m'komboni mu Lusaka ankamaliza digiri, ndipo adasankha kufufuza mmene anzake osamalira odwala mwakayakaya amaonera malo awo a ntchito. Nthawi inali itamuthera. Adatenga pa intaneti mafunso 31 amene Eileen Lake adakonza ku America mu 2002, nawasindikiza mmene analili, n'kupatsa sista wamkulu wa wodi kuti agawe ndi kutolera.

Mayankho adabwera okoma. Madokotala ndi anamwino akumvana, utsogoleri uli bwino. Akuluakulu adawerenga lipoti, nati palibe chofulumira.

Koma mafunsowo adapangidwira zipatala zimene magetsi sazima. Munalibe funso la makina opumira amene amadalira jenereta, ngakhale mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse. Sadafunse za oksijeni yotha pakati pa usiku, za mpopi wouma, kapena za namwino wa m'komboni ya Chipata, ya George kapena ya Kanyama amene amaweruka kutada n'kuyenda ndi mantha kukasaka minibasi. Sadafunse za iwo amene adatopa ndi kolera m'January 2024, pamene ngakhale bwalo la masewera la Heroes lidasanduka chipatala. Funso la kuchepa kwa anamwino linalimo ndithu, koma ndani angalembe dandaulo papepala limene litoleredwe ndi munthu wokonza ndandanda ya mashifiti? Anthu adachonga zowateteza.

Patapita miyezi, anamwino odziwa ntchito adayamba kupempha kusamutsidwa, wina ndi wina. Lipoti lija lidakali pashelefu, likunena kuti zonse zili bwino. Chimene chimandipweteka n'chakuti wofufuzayo sadaname. Adawerengera bwinobwino mayankho a mafunso osayenera.

Ku Turkey, ofufuza akafuna kugwiritsa ntchito mafunso akunja otere amayamba awayesa. Amawamasulira, wina amene sadaone oyambirira amawabwezera m'Chingerezi, akatswiri a m'mawodi amaunika funso lililonse ngati likukhudza moyo wawo, kenaka amawayesa pa gulu laling'ono, n'kubwereza patapita masabata angapo kuti aone ngati mayankho sakusinthasintha. Ndi ntchito ya miyezi, ndipo ndi yoyenera, chifukwa pali moyo wa anthu. Kafukufuku wa Linda Aiken wa mu 2002, m'zipatala 168 za ku Pennsylvania, adapeza kuti wodwala mmodzi aliyense wowonjezeredwa pa namwino amakweza ndi 7 peresenti ngozi yoti wodwala wa opaleshoni amwalire m'masiku 30.

Inu amene mukukonza kafukufuku ku Matero, ku Chawama kapena ku chipatala cha UTH, musanasindikize pepala khalani pansi ndi anamwino a usiku, muwafunse chimene chasowa m'mafunso anu. Mayina asalembedwe, ndipo mapepala mutolere nokha.