Kuphunzitsa Ana Kayezedwe ka Batire la Galimoto

Mau Oyamba

Galimoto ikakana kulira m'maŵa, mlandu umagwera batire. Mwini wake amathamangira kukagula lina, koma pakapita masabata aŵiri vuto lija limabwereranso, popeza cholakwa sichinali m'batire ayi. Kumidzi nakonso mabanja ambiri amadalira batire lomweli pounikira nyumba, poliza wailesi ndi potchaja mafoni, ndipo kulitaya lisanathe ndi kutaya ndalama za chimanga chambiri. Choncho phunziro lino lili ndi phindu kwa ana a Sitandade 7 ndi 8. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: muyeso umodzi sukwanira kuweruza batire. Tiyenera kuliyeza katatu.

Zimene Mphunzitsi Ayenera Kudziŵa

Batire la mtundu umenewu analitulukira ndi Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859. M'kati mwake muli zipinda 6, ndipo m'chipinda chilichonse muli mbale za mtovu zomizidwa mu asidi wosakaniza ndi madzi. Chipinda chimodzi chimapereka mavolti 2.1, tikaphatikiza zonse timapeza mavolti 12.6. Ameneŵa ndi masamu amene ana angaŵerengere okha.

Ntchito yaikulu ya batire ndi kupatsa sitata mphamvu yochuluka kwa kanthaŵi kochepa kuti injini ilire. Injini ikalira, chipangizo chotchedwa alternator chimabwezera mphamvu imene yatuluka. Batire likakhala nthaŵi yaitali losatchajidwa, pa mbale zija pamauma zinthu zoyera zimene zimalepheretsa asidi kugwira ntchito yake, ndipo limafooka kosabwerera.

Zipangizo

Tifunika mita ya m'manja yoyezera magetsi, imene amakanika amaitcha multimeter. Batire limodzi labwino ndi lina lakale. Nsanza, madzi m'ndowa, magalasi oteteza maso, ndi galimoto imodzi. Sukulu zambiri zilibe galimoto, koma tikapempha mwaulemu dalaivala kapena makanika wa m'dera lathu, kaŵirikaŵiri amavomera kubwera. Tigwirizane naye tsiku lisanafike kuti galimotoyo idzaime osalira kwa maola angapo phunziro lisanayambe.

Chenjezo

Tisanakhudze kanthu, tiwauze ana zoopsa zitatu. Choyamba, asidi amawotcha khungu ndi kuboola zovala. Akagwera m'maso, titsuke ndi madzi ambiri kwa nthaŵi yaitali ndi kuthamangira kuchipatala. Chachiŵiri, batire limatulutsa mpweya wa haidirojeni umene umaphulika, kotero pafupi pasakhale machesi, nyali kapena fodya woyaka. Chachitatu, chitsulo chilichonse, monga sipanala, chisakhudze mitu yonse iŵiri ya batire nthaŵi imodzi. Phunziro lichitikire panja kapena pamalo opita mphepo.

Kaphunzitsidwe

Tiyambe ndi funso lakuti, "Kodi tingadziŵe bwanji kuti batire latha?" Ana adzayankha zosiyanasiyana. Ena adzati tiyatse nyali, ena adzati tigunditse mawaya tione ngati pathetheka moto. Tilembe mayankho onse pabolodi, ndipo tifotokoze kuti njira yogunditsa mawaya ndi yoopsa chifukwa cha mpweya uja.

Kenaka tionetse mita. Titembenuzire chosankhira pa mavolti a DC, pa nambala 20. Waya wofiira apite pamutu wa chizindikiro cha +, wakuda pamutu wa chizindikiro cha −. Ngati mitu ili ndi zoyera kapena zobiriŵira, mphunzitsi aitsuke ndi soda wophikira therere wosungunula m'madzi, pakuti litsiro limeneli limatsekereza mphamvu.

Muyeso woyamba: batire likupuma. Injini ndi nyali zikhale zozima. Ana abwere m'magulu a anthu 5, aŵerenge okha nambala ndi kuilemba. Mavolti 12.6 atanthauza kuti batire ndi lodzaza, 12.4 ndiye kuti latsala ndi magawo atatu mwa anayi, 12.2 ndi theka. Likafika pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Tikaona pafupifupi 10.5, tiganizire kuti chipinda chimodzi chafa, ndipo ana achotsere 2.1 ku 12.6 kuti aone okha chifukwa chake. Batire limene langotchajidwa kumene limaonetsa nambala yokwera monyenga. N'chifukwa chake timaliyembekeza lipume. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Muyeso wachiŵiri: batire likugwira ntchito. Giya ikhale pa nyutirolo, buleki ya m'manja itakokedwa, ndipo ana aime kutali ndi fani ndi malamba. Dalaivala alize injini pamene mwana mmodzi akupenyetsetsa mita. Nambala idzatsika, koma isapitirire pansi pa 9.6. Apa ndi pamene pagona phunziro lonse. Batire lokalamba likhoza kuonetsa 12.6 likupuma, koma n'kugwa msanga sitata ikangoyamba kukoka. Lili ngati ng'ombe yooneka yonenepa m'khola imene imagwada ikamangidwa pangolo.

Muyeso wachitatu: injini ikulira. Tsopano mita ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.5. Ikakhalabe pa 12 ndi kanthu, batire silikulandira mphamvu. Vuto lili ku alternator, lamba wake kapena mawaya, ndipo ngakhale batire latsopano lidzatha m'masiku oŵerengeka. Ikapitirira 15, batire likutchajidwa mopyola muyezo ndipo madzi ake adzauma msanga.

Zolakwa Zimene Taziona

Poyendera ophunzira athu pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa, taona zolakwa ziŵiri. Wina anaiŵala waya wofiira m'bowo loyezera maampeya, ndipo atangogunda batire, fyuzi ya mita inapsa; phunziro linathera pomwepo. Tiyese zipangizo zathu dzulo lake. Wina anayeza yekha miyeso yonse ana akungoyang'ana, kenaka nawalembetsa manambala. Uku si kuphunzitsa sayansi. Mwana aliyense, mtsikana ndi mnyamata yemwe, agwire waya ndi kuŵerenga nambala ndi maso ake.

Mafunso Oyesera Ana

1. Batire likupuma laonetsa 12.6, koma poliza injini latsika kufika pa 7. Kodi tiuze mwini wake chiyani?
2. Batire likupuma laonetsa 12.1, ndipo injini ikulira laonetsa 12.2. Vuto lili kuti?
3. N'chifukwa chiyani batire logwiritsidwa ntchito panyumba siliyenera kusiyidwa mpaka nyali zitazima zokha?

Pa funso lachitatu tiwathandize ana kukumbukira zoyera zija zimene zimauma pa mbale. Tiwauzenso kuti m'batire lokhala ndi zitsekero timathiramo madzi a batire okha, osati a pachitsime kapena asidi, ndi kuti batire lotha sitiliswa kapena kulitaya kudzala, popeza mtovu ndi poizoni.

Mau Omaliza

Mwana amene walemba manambala atatu asanapereke chiweruzo waphunzira zoposa za batire. Waphunzira kufunafuna umboni asanatsutse kapena kuvomereza. Tikamakonza phunziro lathu, tisiye mphindi 10 zomaliza kuti gulu lililonse liŵerenge miyeso yake pamaso pa anzawo ndi kufotokoza chimene likanamuuza mwini galimoto.