Phunziro: Kufufuza Vuto la Walkman kapena iPod Yakale Imene Ikukana Kuyaka

Cholinga

Pomaliza phunziroli muyenera kutha kupeza pamene magetsi aimira m'kachipangizo komvera nyimbo, kukonza zimene zingatheke pakhomo, ndi kudziwa nthawi yopita kwa mmisiri.

Mawu oyamba

Kampani ya Sony idatulutsa Walkman yoyamba, TPS-L2, ku Japan mu Julayi 1979. Inkaimba makaseti ndipo inkayendera mabatire awiri a AA. Mu 1984 kudabwera yoimba ma CD, kenako mu 2001 Apple idatulutsa iPod, imene idasiya kupangidwa mu 2022. Tizipangizo tambiri totere takhala zaka m'kabati osagwiridwa, ndipo kukhala chabeko ndiko kumatiwononga: batire limatha kapena kuchucha, zitsulo zimachita dzimbiri, lamba amasungunuka.

Lamulo la phunziroli ndi limodzi: tsatirani njira ya magetsi kuyambira kumene amachokera. Madzi akaleka kufika kudimba, mlimi amayamba waona kumtsinje, kenako n'kumatsata ngalande mpaka apeze potsekeka. Inunso chitani zomwezo, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, kuti chikayaka mudziwe chimene chinali vuto.

1. Yambani ndi kunja

Musathamangire kumasula. Yang'anani kabatani kolembedwa HOLD m'mbali kapena pamwamba. Ntchito yake ndi kutseka mabatani onse kuti asadinike m'thumba, ndiye kakatsekedwa, chipangizo chabwinobwino chimaoneka ngati chakufa. Pa iPod, kakatsekedwa pamaoneka utoto wa olenji. Katsegulireni, muyesenso.

2. Yesani mabatire

Ikani mabatire atsopano, onse a mtundu umodzi, motsatira zizindikiro za + ndi −. Musasakanize akale ndi atsopano. Batire wamba la AA limapereka 1.5V, pamene lotchaja limapereka 1.2V, choncho Walkman ya mabatire awiri imafuna pafupifupi 3V. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, yezani mutadina PLAY. Batire lofooka limatha kuonetsa nambala yabwino likakhala palokha, koma mota ikangoyamba kukoka magetsi, nambalayo imagwa.

3. Yang'anani m'chipinda cha mabatire

Mavuto ambiri amabisala pano, ndiye walitsani tochi muone bwino. Mukaona zoyera zonga mchere wouma zitamatirira pa sipuling'i, kapena zobiriwira pa kachitsulo ka mkuwa, dziwani kuti batire lidachuchira momwemo. Zimenezi zimatchinga magetsi ngakhale batire likhale latsopano.

Katsukidwe kake kamadalira mtundu wa batire limene lidachucha. Ngati linali la alkaline, nyowetsani kathonje kokulunga ku mtengo wa machesi mu viniga kapena m'madzi a ndimu, mupake. Mudzaona tithovu ting'onoting'ono, zoyerazo zikusungunuka. Ngati linali la zinc-carbon, aja otsika mtengo a m'magolosale, sungunulani soda pang'ono m'madzi, mupake. Mukatero pukutani ndi sipiriti, palani kachitsuloko ndi sandipepa wosalala mpaka kawale, ndipo dikirani paume. Musagwire zoyerazo ndi manja, ndipo zisakulowereni m'maso. Ngati sipuling'i yalobodoka, ikokeni pang'ono kuti izikankha batire mwamphamvu.

4. Yesani adaputa

Ngati chipangizo chili ndi bowo lolembedwa DC IN, werengani zolembedwa pafupi nalo. Pali nambala ya mphamvu, monga 3V kapena 4.5V, komanso kachithunzi kosonyeza ngati pakati pa pulagi ndi + kapena −. Adaputa ikhale yofanana pa zonse ziwiri. Pulagi kungolowa sizitanthauza kuti ndi yoyenera, ndipo yolakwika ikhoza kupsetsa chipangizo nthawi yomweyo.

M'bowo limeneli muli kachitsulo kamene kamadula mabatire pulagi ikalowa, n'kuwalumikizanso ikatuluka. Kakachita dzimbiri, mabatire amakhala odulidwa mpaka kalekale. Choncho ngati chikuyaka pa adaputa koma pa mabatire ayi, ndipo zitsulo mwatsuka kale, kayikirani bowoli. Donthezanimo sipiriti, mulowetse ndi kutulutsa pulagi kangapo, adaputa ili yosalumikiza kumagetsi.

5. Ngati batire ndi lam'kati

iPod ndi tina toimba MP3 timayendera batire la lithium la pafupifupi 3.7V. Likatheratu n'kukhala miyezi yambiri, limatsika kwambiri moti chipangizo sichionetsa kanthu ngakhale mwachilumikiza. Chisiyeni pa chaja mphindi 30 kapena ola lathunthu. Chotsani fumbi polowera chaja ndi kamtengo, osati singano, ndipo yesaninso waya wina, chifukwa waya amathothoka m'kati kunja akuoneka bwino.

Chikakanabe, chiyambitseninso. Pa iPod Classic, tsekani HOLD n'kutsegulanso, kenako dinani MENU pamodzi ndi batani lapakati kwa masekondi 8 kapena kuposerapo mpaka chizindikiro cha Apple chioneke. Tizipangizo tina tili ndi kabowo kolembedwa RESET kumbuyo.

Chenjezo: ngati galasi latukuka kapena chivindikiro chayamba kukanuka, batire latupa. Musalitchaje, musaliboole, musalipsinje, musaliponye pamoto. Likhoza kuyaka.

6. Tcherani khutu

Nthawi zina chipangizo chimakhala chayaka, koma chikulephera kuyenda. Chotsani kaseti, dinani PLAY, mutsamize Walkman kukhutu. Mukamva kulira kwapansipansi koma tizitsulo tozunguza kaseti tili chiimire, magetsi akufika ndipo mota ndi yamoyo. Vuto ndi lamba. Lamba wa labala akakalamba amatamuka, kuduka, kapena kusungunuka n'kukhala ngati phula lakuda lomata mawilo. Phulalo limachoka ndi sipiriti, ndipo lamba watsopano ayenera kufanana ndi wakale kutalika ndi kunenepa komwe. Pa iPod Classic, mukamva "ke ke ke" mobwerezabwereza m'kati, hadi disiki yake yayamba kufa.

7. Zofunika mmisiri

Ngati mabatire ali bwino, zitsulo zayera, adaputa ndi yoyenera, koma kuli zii, vuto lili pa bolodi. Mwina waya wothothoka, fyuzi yopsa, kapena makapasita ochucha, amene amavutitsa kwambiri ma Walkman a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990. Izi zimafuna wodziwa kuwotcherera. Mukamapita nacho kwa wokonza mawailesi, mufotokozereni zonse zimene mwayesa kale, kuti asayambirenso poyamba.

Mwachidule

Dongosolo ndi ili: HOLD, mabatire, zitsulo, adaputa kapena chaja, kuyambitsanso, kumvetsera, kenako mmisiri. Chikayaka, muzichotsa mabatire posunga. Cha batire lam'kati muzichitchaja pakapita miyezi ingapo, ndipo muzichisunga pouma, posatentha.

Mafunso

1. Walkman ikuyaka pa adaputa koma pa mabatire atsopano ayi. Tchulani malo awiri oyenera kufufuza.
2. N'chifukwa chiyani batire liyenera kuyezedwa mutadina PLAY?
3. Mota ikumveka koma kaseti sikuzungulira. Vuto n'chiyani, nanga mungalikonze bwanji?