Galimoto Ikamatentha Pachitunda Pokha: Mmene Mungapezere Vuto

Pali galimoto zakale zimene mumatha kuzungulira nazo m'tauni tsiku lonse popanda chovuta, koma mukangozisenzetsa matumba a chimanga, kapena mukayamba kukwera ku Thabwa pochokera ku Chikwawa, muvi wa geji umanka nukwawira kofiira. Mukafika pamwamba n'kuyamba kutsetsereka, muvi umabwerera pakati. Ambiri amangoika chigubu cha madzi kumbuyo n'kumayendabe choncho, mpaka tsiku limene injini idzafere pamsewu.

Mwa kutentha konse kumene mafuta amatulutsa poyaka mu injini, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limachotsedwa ndi madzi kudzera mu rediyeta. Mukaponda moto pachitunda mafuta oyaka amachuluka, kutentha nakonso kumachuluka. Zida zoziziritsa zikafooka zimakwanitsabe ntchito yopepuka ya m'tauni, koma yolemetsa imazikanika. Chofunika n'kupeza chimene chafookacho, kuyambira pa zotchipa. Musalole munthu kumasula hedi ya injini musanaone zimene ndikufotokozazi.

Muvi ukayamba kukwera muli pamsewu, zimitsani eyakoni, yatsani hita mpaka pamapeto ndipo tsegulani mawindo. Hita ili ndi karediyeta kake kamene kamachotsako kutentha. Muvi ukapanda kutsika, imani pambali n'kuzimitsa injini. Chitsekerero cha rediyeta musachikhudze mpaka payipi yapamwamba itazizira moti mukhoza kuigwira ndi dzanja. Nthunzi ya m'menemo imasupula khungu. Musathirenso madzi ozizira mu injini yamoto, hedi ikhoza kung'aluka.

Kufufuza kumayamba ndi funso ili: imatentha nthawi iti? Ngati imatentha mukaima pamzere wa galimoto koma n'kuzizira mukayamba kuthamanga, kayikirani fani. Ngati imatentha pokwera, ponyamula katundu kapena pothamanga mtunda wautali, ndiye kuti madzi sakuyenda mokwanira, rediyeta ikulephera kutaya kutentha, kapena injiniyo ikupanga kutentha kopitirira muyezo. Geji nayonso imanama ikakalamba, choncho ngati pagalaji ali ndi kachida koyezera kutentha kongolozetsa, ayeze injini muvi uli pamwamba kuti mutsimikize.

M'mawa injini isanalire, tsegulani chitsekerero n'kusuzumira mu rediyeta mwenimweni. Kabotolo kapulasitiki ka pambali kakhoza kukhala kodzaza rediyeta ili ndi ludzu. Madzi azifika pakhosi. Ngati amachepa masiku angapo alionse, fufuzani podontha: polumikizira mapayipi, m'mbali mwa rediyeta, pansi pa pampu ya madzi, ngakhale pakapeti ya kutsogolo pamene hita imadonthezera. Mabanga oyera kapena obiriwira amasonyeza pamene madzi amatulukira n'kuuma.

Chitsekererocho chiyang'anitsitseni, chifukwa ambiri amachiyesa chivundikiro wamba. Chili ndi sipuling'i imene imasunga mpweya wopanikiza, ndipo pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1 pa galimoto zambiri za ku Japan. Madzi opanikizidwa chotero sawira mpaka atadutsa madigiri 115. Opanda kupanikizidwa amawira pa 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo kumtunda ngati ku Dedza, pafupifupi mamita 1,600, amawira pa madigiri pafupifupi 95. Labala wa chitsekerero akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira msanga pachitunda n'kutayikira m'kabotolo. Gulani chatsopano cha nambala yomweyo. Ndi chida chotchipa kuposa zonse pano, ndipo nthawi zina vuto limathera pomwepo.

Kenako onani rediyeta kunja. Walitsani tochi kuchokera mbali ya injini, muone ngati kuwala kukudutsa. Njere za udzu, tizilombo ndi matope zimaunjikana makamaka pakati pa rediyeta ndi chinzake cha eyakoni chimene chimakhala kutsogolo kwake, pamalo posaoneka. Tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo. Timapepala tachitsulo ta pakati pa mizere tikamayoyoka mukatikhudza, rediyetayo yatha. Magetsi akuluakulu owonjezera amene ena amamanga kutsogolo amatchinganso mphepo.

M'kati mwa rediyeta ndi mmene vuto la kutentha pachitunda limabisala kawirikawiri. Galimoto imene yakhala zaka ikumwa madzi a pamjigo kapena a pampopi okhaokha imachita ngati ketulo yakale: m'kati mumamera zoyera zolimba pamodzi ndi dzimbiri, ndipo timachubu topyapyala timatsekeka kamodzikamodzi. Madzi akakhala ofiirira ngati dothi, kapena pakamwa pa timachubuto pakaoneka zoyera, mwayamba kuyandikira. Yendetsani galimoto mpaka itatentha bwino, zimitsani, chotsani kiyi, ndipo mosamala yendetsani dzanja pafupi ndi nkhope ya rediyeta, kutali ndi fani chifukwa yamagetsi ikhoza kudzuka yokha. Kutentha kuzichepa pang'onopang'ono kuchokera polowera madzi kupita potulukira. Mukapeza chigawo chozizira pakati pa malo otentha, pamenepo madzi sakudutsa. Kungothira madzi pamwamba n'kumaona akutuluka pansi sikutsimikiza kanthu, pakuti timachubu totseguka towerengeka timakwanira kuwatulutsa. Rediyeta yamkuwa amisiri amatha kuimasula n'kuzibula kachubu kalikonse. Yapulasitiki ndi aluminiyamu yokalamba, ine ndingakulangizeni kugula ina.

Mapayipi ndi lamba sizitenga nthawi. Payipi yapansi ndi imene pampu imakokera madzi, ndipo ikafewa imaphwafuka injini ikathamanga. Mnzanu aponde moto inu mukuiyang'ana, ikafinyika, isintheni. Lamba woyendetsa pampu akhale wokungika, wopanda ming'alu kapena kunyezimira m'kati. Ma Hilux ndi ma Hiace akale ali ndi fani yoyendetsedwa ndi lamba imene ili ndi kilatchi yamafuta pakati. Injini ili yotentha koma yozima, kankhani faniyo ndi dzanja. Yabwino imalimba n'kuima msanga. Ikamangozungulira yokha, yatha mphamvu, ndipo pokwera Golomoti kapena Chiweta pa giya yotsika, pamene mphepo ya kutsogolo ndi yochepa, sidzakuthandizani. Ngati fani ndi yamagetsi ndipo wina anagwirapo mawaya ake, tsimikizani kuti ikukokera mphepo ku injini, osati kuikankhira kutsogolo. Chipulasitiki chozinga fani chikasowa, chibwezeretseni.

Tsopano thermostat. Pano ndimatsutsana ndi amakaniko ambiri amene amati kwathu kuno n'kotentha, ingoichotsani. Thermostat yowonongeka imasinthidwa, sichotsedwa. Pa injini zambiri, ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira m'kati mwa injini momwemo. Mukaichotsa, kanjirako kamakhala kotsegula, madzi ena osafika ku rediyeta, ndipo pachitunda injini imatenthabe. Pamalo oti see imayenda yozizira kwambiri, n'kumamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga. Choipitsitsa n'chakuti vuto lenileni limabisika kwa kanthawi. Kuyeza thermostat n'kosavuta: imangirireni pakawaya, ilendewere m'poto wa madzi osagunda pansi, muike pamoto. Nambala yolembedwapo, imene pa Toyota zambiri ndi 82, ndi pamene imayenera kuyamba kutseguka. Madzi asanawire ikhale itatseguka mpata wa mamilimita 8 kapena kuposa. Imene imangotseguka theka ndiyo imabweretsa ndendende matenda athuwa. Poika yatsopano, kabowo kake kotulutsira mpweya kakhale kumwamba.

Pampu ya madzi ikhoza kuoneka yabwino kunja m'kati itatha. Dzimbiri limadya mapiko ake, kapena mapikowo amamasuka pa chitsulo chowazungulitsa. Hita ikamatulutsa mphepo yozizira chonsecho injini ndi yamoto ndipo madzi ndi odzaza, kayikirani pampu kapena mpweya wotsekeredwa m'kati. Njira yotsimikizika ndi kuimasula n'kuiona.

Ngati zonsezi zili bwino, mwina injini yokha ndi imene ikupanga moto wambiri. Pa galimoto za distributor, tayimingi yochedwa imatenthetsa injini ndi kuilanda mphamvu, ndipo iyenera kutcheredwa ndi nyali yake, osati ndi khutu. Kabuleta yakuda, sefa ya mafuta yotsekeka kapena pampu ya mafuta yofooka zimachititsa kuti injini ilandire mafuta ochepa pamene ikufuna ambiri. Zikatero, mapulagi amaoneka oyera mbee. Ekizozi yotsekeka imabweza kutentha. Mabuleki ogwira mumawadziwa poyandikiza dzanja kumalimu mutayenda pang'ono: limodzi limatentha kuposa anzake. Ndipo kayendetsedwe nakonso kamawerengedwa. Kukakamira giya yapamwamba pachitunda, phazi lili pansi, kumazunguliritsa pampu ndi fani pang'onopang'ono pa nthawi imene kutentha kwachuluka. Tsitsani giya. Katundu wopitirira muyezo m'mwezi wa Okutobala amagonjetsa ngakhale rediyeta yatsopano.

Gasiketi ya hedi ndaisungira kumapeto chifukwa ndi yodula, komanso kawirikawiri imapsa chifukwa cha zina zija. Ikangoyamba kuwonongeka, imatha kulowetsa utsi m'madzi pokhapokha injini ikalemedwa, choncho musadikire kuti oyilo asanduke ngati tiyi wamkaka. Injini ili yozizira, chotsani chitsekerero, dzazani madzi, lizani injini n'kuyang'ana pakhosi. Thovu lotuluka mosalekeza, lochuluka mukaponda moto, ndi chizindikiro choipa. Zina ndi payipi yapamwamba yolimba gwaa injini itangolira kumene, madzi osowa popanda podontha, utsi woyera wosatha ku ekizozi, ndi pulagi imodzi yoyera ngati yotsukidwa. Magalaji ena ali ndi mankhwala abuluu amene amasintha mtundu akakumana ndi utsi wa mu rediyeta. Pemphani mayeso amenewo kapena a kompuresheni musanavomere ntchito. Hedi ikamasulidwa, iyezedwe ngati sinapindike ndipo ipalidwe pamakina ngati pakufunika, apo ayi gasiketi yatsopanoyo idzapsanso.

Mukamaliza kukonza, thirani coolant wosakaniza ndi madzi otchezedwa (distilled water) ogula m'botolo, motsatira muyezo wolembedwa pa chigubu chake. Coolant ndi amene amaletsa dzimbiri. Lizani injini chitsekerero chili chochotsa, hita ili yoyatsa, mpaka thermostat itatseguka ndipo thovu la mpweya litatha, kenako onjezerani n'kutseka. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chimene chathandiza. Kuyesa galimoto itaima pagalaji sikokwanira: isenzetseni katundu wake wa masiku onse, mukakwere chitunda chimene imatentherapo, maso ali pa geji.