Chimachitika n'chiyani mukayimba *211#?

Ambirife kuno ku Chikale timalipira fizi pa foni, kudzera pa Airtel Money poyimba *211# kapena TNM Mpamba poyimba *444#. Njira imeneyi imatchedwa USSD, ndipo si yofanana ndi SMS. SMS ili ngati kalata, imadikira mpaka foni yozima itayatsidwa. USSD ndi kucheza: kompyuta ya kampani imafunsa, inu n'kuyankha nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene olemba mapulogalamu amakhetsa thukuta. Anthu ambirimbiri amayimba nthawi imodzi, choncho kucheza kulikonse kumapatsidwa nambala yakeyake, kuti kompyuta izikumbukira kuti uyu wafika polemba ndalama, uyo akadali posankha wolandira. Uthenga umodzi supitirira zilembo 182, n'chifukwa chake menyu imakhala yaifupi. Mukachedwa kuyankha, kompyuta imatseka kuchezako. Zimatopetsa ndithu, koma n'zanzeru, chifukwa foni yoiwalika pa benchi singakhale yotsegukira aliyense.

Vuto lalikulu limabwera netiweki ikaduka mutangolemba PIN. Mwina ndalama zapita kale ngakhale foni yasonyeza kuti zakanika. Mukayambiranso, kompyuta imatenga kuti mukutumiza zina zatsopano, ndipo mutha kulipira kawiri.

Makolo, musanabwereze dikirani SMS yotsimikizira, kapena onani ndalama zotsala. Ophunzira amene mumathandiza agogo anu kutumiza fizi, koperani Transaction ID yomwe ili mu SMS ija, mubwere nayo ku ofesi ya sukulu. Mukafika pa PIN, apatseni agogo foni alembe okha.