Khungu Latuwa, Nanga Zoyeza Mtima Zabwera Bwanji?

Alangizi,
Ndine bambo wa zaka 47, ndimakhala kwa Thambani ku Mwanza. Ndili ndi zigamba zotuwa zokhala ndi mamba m'zigongono, m'mawondo ndi m'mutu. Ku chipatala cha Queens anati ndi psoriasis, anandipatsa methotrexate, n'kundiuza kuti ndiziyezetsa BP, shuga ndi mafuta a m'magazi. Mwana wanga wa ku Joni akuti anthu ngati ine timaperewera folate, ndiye watumiza mabotolo a mavitamini oti anditeteze mtima. Khungu ndi mtima zikukumana pati? Nanga mavitaminiwa akwanira?
Wodandaula, Thambani

Bambo,
Adokotalawo sanasochere ayi. Psoriasis imaonekera pakhungu, koma gwero lake ndi chitetezo cha m'thupi chimene chatembenukira mwini wake. Khungu loyenera kusinthika pa mwezi limasinthika m'masiku ochepa chabe, n'chifukwa chake mamba aja. Kutupa komweko kumafika m'mitsempha ya magazi, ndipo anthu amene psoriasis yawagwira kwambiri amapezeka kawirikawiri ndi BP, shuga, kunenepa ndi mafuta ochuluka m'magazi. Mu 2014 msonkhano waukulu wa WHO unavomereza kuti awa ndi matenda aakulu osapatsirana. Osapatsirana, bambo. Muwauze amene amabweza dzanja pokupatsani moni.

Mwana wanu sananame, koma wamva mbali imodzi. Folate imapezekadi yochepa mwa anthu ambiri a psoriasis, ndipo ikachepa, m'magazi mumakwera homocysteine, imene imayendera limodzi ndi matenda a mtima. Madokotala nawo ankayembekeza kuti mavitamini athetsa nkhaniyi. Kafukufuku wamkulu wa HOPE-2, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006, anapeza kuti folic acid, B6 ndi B12 zinatsitsadi homocysteine, koma kugwidwa mtima mwadzidzidzi sikunachepe. Kukonza nambala ya pa pepala la labu si kutchinga matenda.

Inuyo folic acid mukuifuna pa chifukwa china: methotrexate imasokoneza ntchito ya folate m'thupi. Mlingo ndi tsiku lomwera akuuzeni dokotala, osati chizindikiro cha pa botolo. Mabotolowo muwatengere ku chipatala akaone zomwe zili m'kati. Methotrexate imamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku, ndipo ndi kachasu sizionana chifukwa zonse zimalemetsa chiwindi.

Chimene chingakupulumutseni n'chosasangalatsa kumva. Pitani pa chipatala chachikulu cha pa boma ku Mwanza mukayezetse BP ndi shuga; BP ikamakhala 140/90 kapena kuposa, yambani mankhwala osazengereza. Ngati mumasuta, siyani: fodya amakulitsa zigambazo n'kuwononganso mitsempha. Yezetsaninso HIV, poti imatha kukolezera psoriasis.

Za chakudya musadandaule nazo kwambiri. Nyemba, nandolo, bonongwe ndi nkhwani za kwanu komweko zili ndi folate yambiri, bola ndiwo zamasamba zisapse mpaka kufiira. Mchere wa patebulo uchoke. Mwanayo mumuthokoze, kenako mumupemphe kuti ulendo wina atumize kamakina koyezera BP kunyumba.